Kuchokera m'minda ya kachewere kukafika ku uinjiniya wa makompyuta

Pa 16 Novembala 2018, makina otapira ndalama a mabanki ambiri m'dziko la Mozambique anangoti zii. Munthu kulowetsa khadi, makina osayankha. Ku Maputo, ku Beira, ku Tete, timakina tolipirira ndi khadi m'masitolo ndi m'malo omwetsera mafuta tinaleka kugwira ntchito. Ndalama zinalimo m'mabanki, magetsi anali oyaka, nthambo sizinaduke paliponse. Chimene chinavuta ndi pulogalamu. Netiweki ya SIMO, imene imalumikiza mabanki a dzikolo, inkayendera pulogalamu ya kampani ya ku Portugal yotchedwa BizFirst, ndipo mbali ziwirizi zitasemphana pa za malipiro, eni pulogalamuwo anangotseka. Panapita masiku angapo dziko lathunthu likudikira anthu a kutsidya kwa nyanja kuti atsegule.

Mlimi wa ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano m'chigawo cha Tete, amene amagulitsa thumba la kachewere n'kulandira ndalama pamanja, mwina sabata imeneyo sanaone chachilendo. Koma mphunzitsi wa mwana wake, namwino wa pachipatala, ndi aliyense amene malipiro ake amadzera ku banki, anaona kuti chakudya cha pakhomo pake chadalira chinthu chosagwirika ndi manja, cholembedwa ndi munthu amene sadzamuona. Ku Malawi zofanana nazo zinachitika kumayambiriro kwa 2024, pamene makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka anasokonezedwa, kusindikiza mapasipoti n'kuima kwa masabata, mpaka pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anakalankhula za nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo.

Chigawo cha Tete sichisowa zogulitsa. Damu la Cahora Bassa ku Songo lili ndi mphamvu yopanga mamegawati 2,075, ndipo gawo lalikulu la magetsiwo limayenda makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa. Malasha a ku Moatize amakwera sitima, kudutsa m'Malawi, kukatsikira kudoko la Nacala. Fodya wa ku Macanga ndi ku Angónia amakathera maiko akutali. Koma mapulogalamu amene amayendetsa damulo, sitimazo, mabanki ndi mafoni, ambiri amagulidwa kunja, ndipo zikavuta kwenikweni oitanidwa amakhala akatswiri akunja. Kodi mwana wobadwira kumapiri a Tsangano angafike pokhala mmodzi wa anthu opanga zinthu zimenezi? Ine ndikuti angathe. Koma nkhondo yake siyambira ku yunivesite. Imayambira m'kalasi ya masamu ku sekondale, zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi mwanayo asanaone chipata cha yunivesite, ndipo makolo ambiri sadziwa kuti nthawi yofunika kuyang'anitsitsa ndi imeneyo.

Kwa amene sanafikeko, Ntengo-Wambalame ndi limodzi mwa madera awiri a ulamuliro m'boma la Tsangano. Kumpoto kuli Angónia ndi tawuni yake ya Ulongué, kumadzulo kuli Macanga kumene likulu lake ndi Furancungo, kum'mawa kuli Ntcheu. Ndi dziko lokwera, lozizira, la chifunga m'miyezi ya Juni ndi Julaye, kumene kachewere, kabichi, nyemba, soya, chimanga ngakhalenso tirigu zimachita bwino. Anthu ake ndi Achewa ndi Angoni a kwa Maseko, amodzimodzi ndi a ku Lizulu ndi kwa Gomani. Malire anangodutsa pakati pa abale. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, midzi yambiri ya kuno inathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, sukulu zinatsekedwa, zina zinagumulidwa. Makolo ambiri a ana amene ali ku sekondale lero ndi a m'badwo umene maphunziro ake anadukira pamenepo, ndipo tiyenera kukumbukira zimenezi tisanawaloze chala.

Lero wogula mbatata pamsika wa m'malire amayenda ndi makadi awiri a foni, la Movitel kapena Vodacom ndi la Airtel kapena TNM, komanso ndalama za mitundu iwiri, meticais ndi makwacha. Movitel, imene inayamba mu 2012, ndiyo inafikitsa netiweki kumidzi yambiri imene makampani ena ankangoidutsa. M-Pesa inalowa m'dzikolo mu 2013, e-Mola pambuyo pake. Agogo amene sanapite kusukulu amadziwa kuti mdzukulu akatumiza ndalama foni imalira. Choncho kompyuta inafika kale ku Ntengo-Wambalame kudzera m'foni. Amene sanafike ndi anthu odziwa zimene zimachitika mkati mwake.

Satifiketi ya miyezi itatu

M'matawuni onse, kaya ku Ulongué, ku Tete kapena ku Ntcheu, mumapezeka tizipinda tophunzitsa kompyuta. Miyezi itatu, mwana wadziwa Word, Excel ndi PowerPoint, walandira satifiketi. Maphunziro amenewa ndi abwino ndipo athandiza ambiri kupeza ntchito m'maofesi ndi m'mashopu a fotokope. Vuto ndi lakuti makolo akamva kuti mwana akufuna uinjiniya wa makompyuta amayesa ndi zomwezo, kungoti n'zotalikirapo. Amafunsa kuti, iwe, zaka zinayi zonsezo kuphunzira kutayipa? Kusiyana kwake kuli ngati kwa pachigayo. Pali wobwera ndi chimanga chake. Pali woyendetsa chigayo, amene amadziwa kumanga lamba ndi kusintha sefa. Ndiye pali amene anakhala pansi n'kuwerengera kuti injini izizungulira kangati pa mphindi, nyundo zilemere bwanji, kuti chimanga chisanduke ufa injiniyo osapsa. Injiniya ndi wachitatuyo.

Ku Mozambique maphunzirowa amatchedwa Engenharia Informática, ndipo amatenga zaka zinayi kapena kupitirirapo pang'ono kuti munthu alandire digiri yotchedwa licenciatura. Chimene chimadzidzimutsa ofika kumene ndi chakuti chaka choyamba kompyuta amaigwira pang'ono, zochuluka zimakhala choko ndi cholembera. Pali Análise Matemática, masamu owerengera mmene zinthu zimasinthira. Pali aljebura ya matebulo a manambala. Pali fizikisi, makamaka ya magetsi. Amene anabwera ndi maziko osalimba amagwera pamenepa, osati chifukwa alibe nzeru, koma chifukwa mphunzitsi wa ku yunivesite amayambira pamene akuganiza kuti sekondale inalekezera.

Masamu onsewa ali ndi chifukwa chake. Mkati mwa kompyuta mulibe mawu, mulibe zithunzi, mulibe nyimbo. Muli timaswichi ting'onoting'ono totchedwa matransistor, mabiliyoni pa kachidutswa kamodzi, ndipo kalikonse kamangodziwa zinthu ziwiri: kuyaka kapena kuzima, 1 kapena 0. Mu 1854 George Boole, mwana wa wosoka nsapato wa ku England amene masamu ambiri anadziphunzitsa yekha, anatulutsa buku losonyeza kuti kuganiza kwa "inde" ndi "ayi", "ichi ndi icho", "ichi kapena icho", kungalembedwe m'malamulo a masamu. Mu 1937 wophunzira wina wa ku yunivesite ya MIT, Claude Shannon, anasonyeza kuti masamu a Boole aja angamangidwe ndi maswichi a magetsi. Mu 1947 akatswiri a ku Bell Labs anapanga transistor. Zonse zimene foni imachita lero, kuphatikizapo kutumiza meticais 500 kwa mwana amene ali kusukulu yogonera, zaima pa zitatuzi. Wophunzira uinjiniya amayambira pansi pomwepo. Amalumikiza maswichi ochepa kuti aphatikize 1 ndi 1. Kenako amaphunzira mmene purosesa imatengera malamulo, limodzi limodzi, n'kuwachita mamiliyoni ambiri pa sekondi. Pokhapokha akamvetsa zimenezi m'pamene zinenero zolembera mapulogalamu, monga C, Java ndi Python, zimasiya kuoneka ngati matsenga.

Kulemba pulogalamu yoti igwire ntchito sikovuta kwenikweni. Chovuta ndi kulemba yoti igwire ntchito mofulumira, mosalakwitsa, pa makina otsika mtengo. Tiyerekeze kuti kampani ya fodya ili ndi mayina a alimi 100,000 ndipo ikufuna dzina limodzi. Pulogalamu yolembedwa mosaganiza iyamba pa dzina loyamba n'kumatsika mpaka italipeza, ndipo tsiku loipa iyenera kuwerenga onse 100,000. Koma ngati mayinawo asanjidwa motsatira alifabeti, pulogalamu ingatsegule pakati, n'kuona ngati dzinalo lili kumtunda kapena kumunsi, n'kutaya theka, n'kubwerezanso chimodzimodzi. Ikatero sidzapitirira maulendo 17. Kusiyana kwa 100,000 ndi 17 sikuchokera ku kompyuta yodula. Kumachokera m'mutu mwa wolembayo. Mwana amene amasangalala akamva zinthu zotere, amene amafuna kudzitsimikizira yekha ngati 17 ndi woona, ameneyo ndiye mwini wake wa maphunzirowa, kaya anagwirapo kompyuta kaya ayi.

Zaka zotsatira zimabweretsa maphunziro a mmene makompyuta amalankhulirana pa netiweki, mmene zolembedwa zambiri zimasungidwira popanda kusokonezeka, mmene Linux ndi Windows zimagawira ntchito mkati mwa makina, ndi mmene mbava zimathyolera chitetezo. Kumapeto kuli estágio, miyezi yophunzira ntchito pakampani, ndi pulojekiti imene wophunzira amaiteteza pamaso pa aphunzitsi.

Sukulu zake zili kuti

Yunivesite yapafupi kwambiri ndi Ntengo-Wambalame ili ku Ulongué, kumene Universidade Zambeze ili ndi nthambi yake, koma nthambiyo ndi ya zaulimi. Uinjiniya wa makompyuta wa yunivesite yomweyo, imene inayamba kuphunzitsa mu 2009, uli ku Beira. M'chigawo cha Tete khomo lapafupi ndi Instituto Superior Politécnico de Tete, imene boma linakhazikitsa mu 2005; ambiri amaidziwa chifukwa cha uinjiniya wa migodi, koma imaphunzitsanso Engenharia Informática. Ku Songo kuli politekiniki ina ya boma yokhazikika pa za magetsi ndi madzi. Kutali kwambiri kuli Universidade Lúrio, imene uinjiniya wake uli ku Pemba, ndi kholo la onse, Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500.

Mwana wokulira m'chifunga cha ku Tsangano akatsikira ku Tete amakumana ndi kutentha kopitirira madigiri 40, lendi ya chipinda, ndi chakudya chogula tsiku lililonse, iye atazolowera kutapa m'nkhokwe. Fizi ya sukulu za boma si imene imathyola makolo msana. Zimene zimathyola ndi nyumba, chakudya, minibasi yopita ndi kubwera, ndi laputopu. Boma lili ndi bungwe la Instituto de Bolsas de Estudo lothandiza ophunzira osowa, ndipo ndi bwino kulembera, koma ofuna ndi ambiri kuposa opeza.

Ena amayang'ana kutsidya la malire, ndipo n'zomveka, pakuti Ntcheu ndi Dedza zili pakhomo. Ku Blantyre, Malawi University of Business and Applied Sciences, imene kale inali Polytechnic ndipo inaima payokha mu 2021, ili ndi digiri ya zaka zisanu yophatikiza zamagetsi ndi uinjiniya wa makompyuta, ndipo kumeneko mawaya ndi timabolodi ta magetsi zimachuluka kuposa m'maphunziro ambiri a Engenharia Informática. Ku Ndata m'boma la Thyolo, Malawi University of Science and Technology, imene inalandira ophunzira oyamba mu 2014, imaphunzitsa za makompyuta ndi chitetezo chake. Koma njira imeneyi ili ndi minga yake. Maphunziro onse ndi a m'Chingerezi, satifiketi ya kalasi ya 12 iyenera kuyamba yavomerezedwa, ndipo wochokera kunja amalipira zambiri. Langizo langa kwa aliyense, mbali zonse ziwiri za malire, ndi lakuti asamangoyang'ana dzina la digiri. Apemphe mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse, aone ngati muli masamu okwanira, ngati muli labu ya zamagetsi, ngati muli miyezi ya kuntchito. Pali sukulu zina zimene dzina la digiri ndi lalikulu koma mkati muli zija za miyezi itatu zitangotambasulidwa.

Chipata chenicheni

Wofuna uinjiniya ku Eduardo Mondlane amalemba mayeso olowera a masamu ndi fizikisi, ndipo malo ndi ochepa kuposa olemba. Pamenepa mwana wa ku Tsangano amapikisana ndi mnzake wa ku Maputo amene anali ndi mphunzitsi wapadera madzulo aliwonse. Pepala ndi limodzi, ola ndi limodzi, koma ulendo umene awiriwa ayenda kuti afike pampandowo ndi wosiyana kutali.

Lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi ya 9, pulayimale ikhale ya zaka zisanu ndi chimodzi, sekondale iyambire kalasi ya 7. Zaka zimenezi, kuyambira kalasi ya 7 mpaka ya 10, ndi pamene masamu amasiya kukhala kuwerenga zinthu n'kuyamba kukhala x ndi y. Mwana akataya ulusi pamenepa, kawirikawiri samaupezanso. Amafika m'makalasi apamwamba a sekondale n'kusankha gulu lopanda masamu olemera ndi fizikisi, osadziwa kuti tsiku lomwelo watseka khomo la uinjiniya uliwonse. Kunyumba palibe amene amamva kutsekeka kwake, chifukwa mwana akupitabe kusukulu, yunifomu ndi yomweyo. Zimadziwika patapita zaka, akafuna kulembetsa mayeso olowera.

M'boma la Tsangano sukulu za sekondale ndi zotalikirana, ndipo ana ambiri amayenda mitunda kapena kuchita lendi pafupi ndi sukulu akadali aang'ono. Ajezuwiti, amene ali ku mishoni ya Fonte Boa kuyambira nthawi ya atsamunda, anatsegula mu 2014 sukulu yogonera ya Inácio de Loyola ku Msaladzi, yolandira anyamata ndi atsikana a m'midzi yozungulira. Ndi chinthu chachikulu, koma sukulu imodzi singanyamule boma lonse. Ndipo kwa atsikana pali chiphompho china pa msinkhu womwewo. Mozambique inakhazikitsa mu 2019 lamulo loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18, koma lamulo silikhala pakhomo pamene amalume akukambirana. Mtsikana amene amatsogola pa masamu m'kalasi ya 8 ndi chuma cha mudzi wonse, ndipo kumuchotsa pasukulu ndi kutaya chinthu chimene dera lino lilibe chambiri.

Palinso nkhani ya chinenero, ndipo ndiyo imandikhudza koposa. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi 17 okha pa 100 alionse ndiwo Chipwitikizi chili chinenero chawo chobadwa nacho. Mwana wa ku Ntengo-Wambalame amaganiza m'Chichewa, amaphunzira masamu m'Chipwitikizi, ndipo akafika ku yunivesite amapeza kuti zinenero zolembera mapulogalamu, mabuku ambiri abwino, ndi mauthenga amene kompyuta imapereka ikakana pulogalamu, zonse zili m'Chingerezi. Nthawi zambiri amene amatchedwa wofooka pa masamu sanafooke pa masamu, sanamve funso. Zimenezi si zachilendo kwa akuluakulu a maphunziro. Pakati pa 1993 ndi 1997, pulojekiti yotchedwa PEBIMO inayesa kuyamba sukulu m'chinenero cha mwana, ndipo zigawo ziwiri zimene zinasankhidwa zinali Gaza, ndi Chichangana, ndi Tete, ndi Chinyanja chathu chomwechi. Ana ankafunsa ndi kuyankha momasuka kuposa anzawo a m'makalasi a Chipwitikizi chokha, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'ndondomeko ya boma. Kholo lina limaopa kuti mwana akayamba m'Chinyanja achedwa. Ine ndikuona mosiyana. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake timanyamula 1 pophatikiza, atamva m'chinenero cha amayi ake, adzachinyamula chidziwitsocho kupita nacho m'chinenero chilichonse. Amene waloweza mawu osawamva adzagwa tsiku limene funso lidzatembenuzidwe.

Pa Chingerezi, mwana wa m'malire ali ndi mwayi umene wa ku Quelimane kapena ku Inhambane alibe. Wayilesi za ku Malawi zimamveka pakhomo, asuweni ake a ku Ntcheu ali ndi mabuku a Chingerezi a ku sekondale, msika amagulira limodzi. Mwayi umenewu ukungogona.

Nanga kompyuta yeniyeniyo? Kalembera wa 2017 uja anasonyeza kuti ogwiritsa ntchito intaneti sanafike 10 pa 100 alionse, ndipo kumidzi chiwerengero chinali chotsikirapo. Zinthu zasintha kuchokera nthawi imeneyo, komabe ana ambiri a ku Tsangano amamaliza sekondale asanakhale pa kompyuta kwa ola lathunthu. Ndi chopinga, koma sichachikulu ngati mmene ambiri amaganizira. Njira zoyendetsera pulogalamu zimaphunzirika papepala. Foni wamba ya Android imatha kuyendetsa Python. Kabolodi ka Arduino, kamene kanayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, ndi kakompyuta ka Raspberry Pi, kamene kanatuluka mu 2012 pamtengo wa madola 35, zinapangidwira ophunzira ndipo zimayenda ndi batire ndi sola yaing'ono. Laputopu yakale itaikidwa Linux imamufikitsa munthu kumapeto kwa digiri. Sukulu ikapatsidwa mwayi wosankha pakati pa chipinda cha makompyuta makumi awiri opanda wowasamala ndi mphunzitsi mmodzi wa masamu wokhazikika zaka zisanu, ine ndingasankhe mphunzitsiyo, ndipo ndingapemphe mafumu ndi makolo kuti amupezere nyumba yabwino kuti asapemphe kusamutsidwa.

Dziko la Mozambique linayambira pamalo ovuta kuposa apa. Pa ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Komabe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nkhondo ikungotha kumene, kagulu ka mainjiniya a ku likulu la makompyuta la Eduardo Mondlane, CIUEM, motsogozedwa ndi Venâncio Massingue, kanalumikiza dzikolo ndi imelo kudzera pa nthambo wamba za telefoni. Ndi iwo amene anatenga udindo wosamala dzina la dzikolo pa intaneti, .mz, ndipo mu 1999 anatsegula malo a makompyuta a anthu wamba ku Manhiça ndi ku Namaacha, kunja kwa mzinda wa Maputo. Massingue, amene anaphunziranso ku Delft m'dziko la Netherlands, anadzakhala nduna ya sayansi ndi luso kuyambira 2005 mpaka 2012. Zipangizo zimene anayambira nazo n'zofooka kuposa foni imene ili m'thumba la wogula mbatata lero.

Ntchito imene ikudikira

Tinene zoona: ntchito zambiri za omaliza maphunzirowa zili ku Maputo, m'mabanki, m'makampani a mafoni, ndi m'maofesi a boma. Ku Tete ziliko zina, ku Hidroeléctrica de Cahora Bassa, ku kampani ya magetsi ya EDM, kumigodi ya Moatize imene kampani ya Vale inagulitsa kwa Vulcan mu 2022, ndi panjanji ya ku Nacala. Nthambo ya magetsi ya makilomita 218 yochokera ku Matambo kupita ku Phombeya m'boma la Balaka nayo idzafuna anthu odziwa makompyuta oyang'anira kayendedwe ka mphamvu. Mwana amene banja lagulitsa ng'ombe kuti aphunzire akapita kumene kuli malipiro, sindingamunene.

Koma pali ntchito ina imene wa ku Maputo sangaione, chifukwa sanaimepo m'munda wa kachewere chiwawu chitagwa. Matendawa amakonda nyengo yachinyezi ndi yozizira, ndipo amatha kumaliza munda m'masabata awiri. Kachipangizo koyeza chinyezi ndi kuzizira, kolumikizidwa ku kabolodi kotsika mtengo, kangatumize uthenga kwa alimi a m'dera kuti nthawi yopopera yakwana, m'malo mopopera mongoganizira kapena mochedwa. Imeneyi ndi pulojekiti ya chaka chomaliza yokwanira bwino. Palinso mitengo. Mlimi amagulitsa thumba pamtengo umene wogula wanena, osadziwa kuti m'mawa womwewo likugulidwa bwanji ku Tete, ku Chimoio kapena pa Tsangano Turn Off ku Ntcheu, ndiponso kwacha ikusinthana bwanji ndi metical.

Zoterezi ena anazichitapo kale. Kampani ya ku Maputo ya UX inapanga Biscate, njira yolumikiza amisiri ndi ofuna ntchito yawo, ndipo inaipanga kuti iziyenda ngakhale pa foni ya mabatani, yopanda intaneti, chifukwa ndiyo imene amisiri ambiri ali nayo. Ku Lilongwe, kuyambira 2001, gulu la Baobab Health linaika m'chipatala cha Kamuzu Central makompyuta ongodina ndi chala, odya magetsi ochepa ndi oyendera mabatire, chifukwa linkadziwa kuti magetsi amazima ndipo namwino alibe nthawi yotayipa. Mapulogalamu ake ambiri analembedwa ndi achinyamata a ku Malawi. Pulogalamu ya PlantVillage Nuru imazindikira matenda a chinangwa ndi kuwononga kwa mbozi za m'chimanga pongojambula tsamba, netiweki ilipo kapena palibe. M'zonsezi nzeru yaikulu sinali ya makina okha. Inali yodziwa anthu, nyengo ndi zosowa za pamalopo. Mwana wa ku Ntengo-Wambalame amalowa ku yunivesite ali nacho kale chidziwitso chimenechi, ngakhale palibe amamupatsa malikisi chifukwa cha icho. Chinenero chake nachonso chikudikira: Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma makina omva bwino mlimi akulankhula monga amalankhulira kwawo, kusakaniza mawu a Chipwitikizi ndi a Chingoni, adzapangidwa ndi munthu amene anakulira m'malankhulidwe amenewo. Ndipo chifikireni Starlink ku Mozambique ndi ku Malawi mu 2023, kukhala ku Ulongué n'kumagwira ntchito ya kampani ya kutali sikulinso loto, ngakhale mtengo wake ukadali wolemera kwa munthu mmodzi.

Banja limene laganiza zoyesa njirayi liyenera kudziwa kalendala yake. Chikalata cholengeza mayeso olowera, chimene chimatchedwa edital, chimatuluka chakumapeto kwa chaka. Kulembetsa kumayambira pa intaneti, ndalama zake zimalipiridwa padera pa phunziro lililonse, ndipo mayeso amalembedwa chakumayambiriro kwa chaka chotsatira, mvula ili pakati. Imeneyi ndi miyezi imene ndalama za pakhomo zapita ku feteleza, mbewu ndi aganyu, ndipo ya thiransipoti yotsikira ku Tete, malo ogona masiku a mayeso ndi chakudya imasowa pa nthawi yomwe ikufunika. Ndalama imeneyo iyenera kupatulidwa kale, pa kachewere wa m'dimba kapena pa fodya, miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala isanathe. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo a masamu ndi fizikisi amapezeka pa intaneti, ndipo mwana wa kalasi ya 11 ayenera kuyamba kuwayesa chaka chimenecho, osadikira cha 12. Ndipo kholo la mwana wa kalasi ya 8, ngakhale lisadziwe x ndi y, lingathe kupita kusukulu teremu iliyonse n'kukafunsa aphunzitsi kuti: pa masamu mwanayu ali pati, ndipo chamuvuta n'chiyani?